Musathamangire kukatsekeretsa mwana kupolisi

Mayi wina amene ndimapemphera naye adandipeza Loweruka lina m'mawa ndikuanika zovala. Nkhope idali ndwii, ndipo asadakhale n'komwe pamkeka adayamba kukhuthula.

"Anesi, mwana uja wandivula. Waba foni ya aneba n'kukagulitsa kumsika. Ndikufuna ndikawapemphe apolisi amutsekere masiku awiri okha basi, aone polekera."

Mnyamata wake ali ndi zaka 14, ali Fomu 1. Bambo ake adamwalira iye ali Sitandade 3.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mwagwedeza mutu kuwavomereza mayiwa, ndipo sindikukudzudzulani. Ndi mmene tidakulira. Mwana akatikwana timati akalawe chitolokosi, akagone pasimenti udzudzu ukumuimbira, pobwerako adzakhala munthu. Inenso ndidalera anyamata atatu ndipo alipo masiku amene mawu omwewa adandifika pakamwa.

Ndisanakuuzeni zomwe ndidawayankha, ndiloleni ndikutengeni kaye kuwodi ya ana kumene ndidathera zaka zambiri za unamwino wanga. Ndikadali mtsikana pantchito, kudabwera mayi ndi mwana wotsegula m'mimba, koma osati modetsa nkhawa. Mwanayo akadatha kumwa madzi a mchere ndi shuga kunyumba n'kuchira. Mayi adakakamira kuti timugoneke, ife tidamva chisoni, tidamugoneka. Nthawi imeneyo bedi limodzi ankagonapo ana awiri, nthawi zina atatu. Mwana adachira, adatuluka. Patatha masiku khumi ndi angapo adabweranso, thupi lili moto, maso ali psuu, zidzolo mbwee. Chikuku. Adachitengera pabedi lathu lomwelo.

Asisita amene ankatiyang'anira sadatikalipire. Adangotiuza kuti kugoneka mwana m'chipatala nako ndi mankhwala, ndipo mankhwala aliwonse ali ndi mbali yake yopweteka. Pantchito yathu sitinena kuti mankhwala ndi amphamvu chifukwa choti ndi owawa, kapena chifukwa woperekayo ali ndi mtima wabwino. Timawayesa. Timaonetsetsa amene amwa ndi amene sadamwe, kenako n'kuwerenga kuti achira ndi angati.

Tsono kutengera mwana kupolisi kapena kubwalo la milandu nakonso kudayesedwa mwanjira yomweyo. Komwe nkhaniyi idalongosoka bwino ndi ku Scotland, dziko lija kudachokera David Livingstone ndi amishoni a ku Blantyre ndi ku Livingstonia.

Mu 1998 akatswiri a pa Yunivesite ya Edinburgh adayamba kutsatira ana pafupifupi 4,300. Tingoti pafupifupi mwana aliyense amene adayamba sekondale mumzinda wa Edinburgh chaka chimenecho, ambiri a iwo ali ndi zaka 12. Amene adziwika kwambiri ndi ntchito imeneyi ndi amayi awiri, Pulofesa Lesley McAra ndi Pulofesa Susan McVie. Chaka ndi chaka, mpaka anawo atafika zaka 17, ankawapatsa mafunso oyankha mwachinsinsi: kodi waba, wamenya munthu, wanyamulapo mpeni, wathawapo sukulu, kunyumba kuli bwanji, alipo amene amakuzunza? Ndipo sadalekere pomwepo. Adawalondolabe mpaka atakula, moti mu 2022 adatulutsa lipoti la momwe anthuwo adalili atafika zaka 35.

Apa mpamene pakuonekera ubwino woti boma ndi yunivesite zigwirane manja. Boma la Scotland lidali m'gulu la amene adaika ndalama pakafukufukuyu. Komanso masukulu, apolisi ndi maofesi oona za chisamaliro cha ana adalola kuti akatswiriwo aone zolembedwa m'mafailo awo. Choncho zidatheka kuyika mbali imodzi zimene mwana wanena yekha kuti wachita, mbali inayo zimene boma lidalemba za iye. Yunivesite payokha sikadakhala ndi mafailo. Boma palokha likadangodziwa ana amene lidawagwira, osadziwa kanthu za anzawo ambirimbiri amene adachita zomwezo koma osagwidwa.

Choyamba chimene adapeza chikhoza kukukhazikani mtima pansi. Ana ambiri amapalamula kenakake akamasinkhuka. Mchitidwewu umafika pachimake pa zaka 14 ndi 15, kenako ambiri amausiya okha, popanda wapolisi kapena woweruza. Ngakhale mwa amene adaulula zinthu zikuluzikulu, ambiri boma silidawadziwe n'komwe.

Nanga ogwidwawo adali ati? Si kuti adali oipitsitsa nthawi zonse ayi. Kawirikawiri adali anyamata a m'madera osauka, okonda kukhala m'misewu, makamaka amene dzina lawo lidalowapo kale m'buku la apolisi. Dzina likangolowa, apolisi ankabwerabwera kwa mwana yemweyo ngakhale atayamba kusintha. Inu a m'makwalala a m'tauni izi mukuzidziwa: kukasowa nkhuku, aliyense amadziwa khomo loyambira kugogoda.

Kenako adachita chimene ife a zachipatala timachita poyesa mankhwala. Adatenga ana amene nkhani zawo zidafika patali m'manja mwa boma, n'kuwafunira anzawo ofanana nawo pa zonse: milandu yofanana, umphawi wofanana, mavuto a kunyumba ofanana, koma amene sadafikitsidwe kumeneko. Patatha chaka adawafunsanso onse. Zotsatira zake, zomwe zidasindikizidwa mu 2007, zidadabwitsa ambiri. Ana amene adalowetsedwa mkati kwambiri ndi amene ankachedwa kusiya milandu ikuluikulu poyerekeza ndi anzawo aja amene adasiyidwa.

Mwina mukuganiza kuti anawo ankazunzidwa kumeneko. Ayi ndithu, ndipo apa mpamene pamandiimitsa mutu. Kuyambira mu 1971, potsatira lipoti la woweruza wina wotchedwa Lord Kilbrandon la mu 1964, ana ambiri opalamula ku Scotland sapita kukhoti. Amakaonekera pamaso pa anthu wamba atatu odzipereka, ophunzitsidwa bwino, amene amakhala pansi ndi mwana ndi makolo ake kukambirana chimene mwanayo akusowa. Zimafananako ndi bwalo la kwa amfumu likamayenda bwino. Palibe unyolo, palibe chikoti. Komabe ngakhale njira yofatsa choteroyo idapezeka kuti imamata dzina pamwana. Aphunzitsi amayamba kumuona ngati wamilandu, makolo a anzake amaletsa ana awo kucheza naye, iye amatsala ndi anzake a mbiri ngati yakeyo, mapeto ake naye amakhulupirira kuti ndi mmene alili. Ngati bwalo la anthu atatu achifundo lingasiye chipsera chotere, inu ganizirani za chipinda chimene mwana wa zaka 14 angagonemo pafupi ndi munthu wothyola nyumba za anthu.

Mfundo ina ikukhudza inu ahedi ndi a makomiti a sukulu. Pa zinthu zonse zimene zinkapatutsa njira ya mwana, kuchotsedwa sukulu kudaoneka kuti n'koopsa zedi. Ana amene adachotsedwapo sukulu pofika zaka 12 adali ndi mpata wowirikiza kanayi wodzapezeka m'ndende atakula. Pamenepa sipofunika digiri kuti munthu amvetse. Mwana mwamuthamangitsa 8 koloko m'mawa, makolo ali kuntchito kapena kumunda, mukuganiza kuti tsiku lonselo akhala ndi yani? Amakamulandira ndi a pabawo, a kumavidiyo ndi ogulitsa chamba, ndipo amenewo sachotsa munthu.

China chidandikumbutsa ana amene ndinkawasoka mabala usiku. Achinyamata amene ankachita zachiwawa kwambiri adapezeka kuti ndi omwenso ankachitiridwa nkhanza kwambiri, ndipo ambiri ankadzivulaza okha. Mwana womenya anzake ndi mwana womenyedwa nthawi zambiri amakhala munthu mmodzi, kungoti ife timakumana naye tsiku limene wamenya.

Musaganize kuti boma la Scotland lidangomva kamodzi n'kutembenuka. Andale ndi andale kulikonse, amakonda kuoneka olimba. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 nawonso adali pakalikiliki wokhwimitsa zinthu. Mu 2003 adayambitsa, m'madera angapo, ndondomeko yothamangitsa milandu ya ana opalamula mobwerezabwereza kuti iziweruzidwa msangamsanga. Chimene ndimawayamikira n'choti adaitana akatswiri a m'mayunivesite kuti aunike ngati ndondomekoyo ikuthandiza. Akatswiriwo adapeza kuti m'madera amene ndondomekoyo kudalibe, milandu ya ana idatsika kuposa m'madera amene idaliko. Mu 2005 boma lidaisiya. Kulipira munthu kuti akuuze kuti mankhwala ako sakugwira ntchito, iwe n'kumumvera, si chinthu chapafupi. Ndidaonapo madokotala akuluakulu akukanika kutero.

Mu 2011, atayesa kaye mumzinda wa Aberdeen, adakhazikitsa m'dziko lonse njira yotchedwa Whole System Approach. Mutu wake ndi woti mwana akapalamula mlandu waung'ono, wapolisi, mphunzitsi, wa zachisamaliro cha ana ndi wa zaumoyo azikhala pamodzi msanga n'kuona chimene chingathandize: chenjezo, kupepesa kwa wolakwiridwa, thandizo la kusukulu, thandizo losiyira mowa kapena mankhwala ozunguza bongo. Kubwalo kuzipita okhawo amene palibenso kuchitira mwina. Ana otumizidwa kumabwalo a ana chifukwa cha milandu adatsika kuchoka pa oposa 16,000 m'chaka cha 2006/07 kufika pa pafupifupi 3,000 patatha zaka khumi. Kuimitsa ana sukulu nako kudatsika, kuchoka pa maulendo pafupifupi 45,000 mu 2006/07 kufika pa pafupifupi 15,000 mu 2018/19. Pano boma limalipirira likulu lapadera pa Yunivesite ya Strathclyde mumzinda wa Glasgow, lomwe ntchito yake ndi kufufuza nkhani za ana opalamula ndi kuphunzitsa ogwira ntchito ndi anawo.

Ndinene chilungamo, kutsika konseko sikungakhale chifukwa cha kafukufuku yekha. M'zaka zomwezo milandu ya achinyamata idatsikanso m'maiko ambiri a ku Ulaya. Komanso mwana akapanda kutumizidwa kubwalo, nambala imatsika ngakhale khalidwe lake lisadasinthe. Chimene tinganene mosaopa n'choti adachepetsa kugwira ana ndipo dziko silidasanduke la zigawenga monga ena ankaopera.

Ndipo zina adachedwa nazo mochititsa manyazi. Kwa zaka zambiri mwana wa zaka 8 ku Scotland ankatengedwa kuti angathe kupalamula mlandu pamaso pa lamulo. Lamulo lokweza zakazo kufika pa 12 lidadutsa mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito mokwanira mu December 2021, pamene komiti ya bungwe la United Nations yoona za ufulu wa ana imalimbikitsa zaka 14. Mu 2018 mnyamata wa zaka 16 adadzipha m'ndende ya achinyamata ya Polmont atangokhalamo masiku owerengeka. Lamulo loletsa kutsekera ana osakwana zaka 18 m'ndende zotere lidabwera mu 2024. Umboni udalipo kalekale patebulo, koma padafunika maliro kuti ena atsegule maso.

Nditawafotokozera zonsezi, mayi aja adandidula. "Koma anesi, ine sindikufuna apite kukhoti. Ndikungofuna aopsezedwe basi."

Nazonso zidayesedwa, ulendo uno ku America. M'zaka za m'ma 1970, akaidi a m'ndende ya Rahway m'chigawo cha New Jersey adayamba kulandira achinyamata ovuta kwa maola angapo, kuwakalipira ndi kuwafotokozera zoopsa za m'ndende kuti achite mantha. Mu 1978 padatuluka filimu yotchedwa Scared Straight yomwe idatchukitsa njirayi, ndipo madera ambiri adaitengera. Pulofesa James Finckenauer wa pa Yunivesite ya Rutgers adaganiza zowerenga. Pa miyezi 6 yotsatira, mwa achinyamata 100 aliwonse amene adapita kukaopsezedwa, 41 adapalamulanso, pamene mwa amene sadapite adali 11 okha. Mu 2002 gulu lotsogozedwa ndi Anthony Petrosino lidasonkhanitsa kafukufuku 9 wa njira zoterezi ndipo lidapeza kuti kuopseza ana ndi ndende kumaonjezera milandu kuposa kungowasiya osachita kanthu. Mantha amatha pakapita sabata. Chimatsala ndi choti mnyamata wakaona kundende n'kubwerako wamoyo, ndipo kwa anzake wasanduka dolo.

Wina anena kuti izi ndi za azungu. Zoona, Edinburgh si Ndirande, ndipo ngakhale mankhwala oyesedwa kunja timawayang'anitsitsa akafika kuno. Koma lamulo lathu lomwe lidatsata kale njira yomweyi, kungoti makolo ambiri sitilidziwa. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana komanso kuweruza milandu yawo, lomwe Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2010, limati mwana akamangidwa makolo kapena omulera adziwitsidwe msanga, asasakanizidwe ndi akuluakulu, ndipo mwana asaponyedwe m'ndende pa mlandu uliwonse. Amene afunika kusungidwa amapita kumalo osinthira khalidwe monga Mpemba ku Blantyre ndi Chilwa ku Zomba. Limalolanso kuti mlandu waung'ono, mwana akavomera kulakwa kwake, upatutsidwe osafika poweruzidwa: apepese, abweze kapena kulipira chimene adaononga, alangizidwe, azipita kusukulu mosajomba. Mwana wosakwana zaka 10 sazengedwa mlandu, ndipo kuchokera mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18.

Tsono inu kholo mukapita nokha kukapempha kuti mwana wanu atsekeredwe, mukupempha chinthu chimene lamulo lidaikidwa kuti limuteteze nacho. Ndipo dzina likalembedwa kumeneko simudzalifufuta ndi misozi.

Ndikadakonda aphunzitsi a zamalamulo ndi a zachikhalidwe cha anthu pa Yunivesite ya Malawi ku Zomba, omwe ali m'boma limodzi ndi Chilwa, atapatsidwa ndalama ndi chilolezo chotsatira ana athu kwa zaka khumi kapena kuposerapo monga adachitira anzawo a ku Edinburgh: amene adapatutsidwa, amene adapita ku Mpemba, amene nkhani yawo idathera kwa amfumu. Aphungu akamadzakambirana zosintha lamuloli adzakhale ndi manambala athuathu m'manja. Koma imeneyo ndi ntchito ya akuluakulu. Inu muli ndi mwana m'nyumba lero.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti muzibisa milandu. Mwana akagwiririra mnzake, akabaya munthu, akayamba kuyenda ndi magulu othyola nyumba ndi zikwanje, imeneyo si nkhani ya pabanja. Pali wolakwiridwa amene akufunika chilungamo ndi chithandizo, ndipo wogwiriridwa afike kuchipatala asadathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV. Odwala ena timawagoneka ndithu, ngakhale tikudziwa kuti kuwodi kuli chikuku, chifukwa kunyumba angafe. Zikatero pitani naye nokha, musamusiye yekha, ndipo funsani kuti wa ofesi ya zachisamaliro cha anthu adziwitsidwe.

Koma pa foni, nkhuku, ndalama za m'chikwama kapena ndewu ya kumpira, yambani mwafunsa chimene sitifunsa tikakwiya: ndalamazo adapita nazo kuti? Yankho lake ndiye matendawo. Mwana woba chifukwa cha njala, woba kuti alipire ngongole ya juga ya mpira, woba chifukwa wamkulu wina akumutuma, ndi woba kuti agule chamba, onsewa ndi odwala osiyana ndipo sangamwe mankhwala amodzi. Mufunseni muli awiri, mkwiyo utatsika, osati pamaso pa aneba. Ngati inu sakuyankhani, alipo amene amamumasukira: amalume ake, azakhali, mphunzitsi wina, mkulu wa mpingo.

Kenako apite yekha, inu muli pambuyo pake, akayang'ane m'maso munthu amene adamubera. Zimenezi zimawawa kuposa simenti ya kupolisi. Abweze ndi thukuta lake, osati inu kutulutsa ndalama m'chikwama kuti nkhani ithe. Ndipo chilichonse chingachitike, sukulu asasiye. Ahedi akanena zomuchotsa, pitani mukawapemphe chilango china, ngakhale kukumba dzenje la zinyalala kwa mwezi wathunthu. Akakana, yambani tsiku lomwelo kumufunira malo kwina. Sabata ziwiri zokhala pakhomo zimakwana kuti mwana apeze anzake atsopano.

Mayi aja adachoka kwathu osakhutira kwenikweni, ndidaona ndi mayendedwe. Koma kupolisi sadapite. Adaitanitsa mchimwene wawo, amalume a mwanayo, ndipo ndi amene adatulukira kuti mnyamatayo adali ndi ngongole kwa anyamata akuluakulu a Fomu 4 amene ankamuopseza tsiku ndi tsiku pobwera kusukulu. Kwa miyezi iwiri mayi ake sankadziwa kanthu. Aneba adavuta poyamba, ankafuna ndalama yonse nthawi imodzi, koma amfumu a m'dera lathu atalowererapo adagwirizana kuti mnyamatayo aziwatungira madzi ndi kuwaumbira njerwa Loweruka lililonse mpaka mtengo wa foni utakwana.

Pamene ndikulemba pano wafika theka. Kusukulu akupita, ngakhale masamu akuti sakuyenda. Aneba samuyankhabe moni. Mayi ake adandiuza Lamulungu lapitali kuti chikwama chawo amagona nachobe kumutu.